Ndiyambe ndi Python kapena pepala ndi cholembera?

Mphunzitsi_Watsopano:
Aphunzitsi anzanga, ndigawireniko nzeru. Andipatsa ophunzira 24 a chaka choyamba ku yunivesite, aja osankhidwa chifukwa chokhoza bwino kwambiri, kuti ndiwayambitse sayansi ya kompyuta. Asanu mwa iwo analembapo kale mapulogalamu mu Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, enawo ngakhale loop (lamulo louza kompyuta kuti ibwereze ntchito) sakuidziwa. Sabata yatha ndinawauza kuti apeze dzina pa mndandanda wa maina 1,000. Asanu aja sanachedwe, koma nditafunsa kuti pulogalamu yawo iyang'ana maina angati mndandanda ukafika 1,000,000, m'kalasi munangoti zii. Amene anakweza dzanja ndi mtsikana wina wosadziwa Python, n'kufunsa ngati mainawo anasanjidwa motsatira alifabeti. Funso lakelo landisowetsa tulo. Ndiyambire pati?

Nachisale:
Aphunzitsi, mtsikanayo wakusonyezani kale poyambira. Atsekeni makompyuta tsiku limodzi. Wina asunge nambala mumtima, ya pakati pa 1 ndi 1,000, anzake azilota, iye azingoyankha kuti "kwerani" kapena "tsikani". Adzaona okha kuti akamadula pakati nthawi zonse, mafunso 10 akwana. Kenako afunseni za 1,000,000. Ambiri amatchula mafunso masauzande, pomwe ndi 20 okha, chifukwa mukayamba ndi 1 n'kumawirikiza kawiri maulendo 20 mufika pa 1,048,576. Maina osanjidwa motsatira alifabeti nawonso amafufuzidwa chimodzimodzi, podula pakati. Dzina la njirayi loti binary search muwauze pamapeto, atayamba adabwa kaye. Ine chimandisangalatsa n'chakuti pa masewerawa wodziwa Python saposa mnzake.

Katswiri_wa_Makina:
A Nachisale anena zoona, koma pepala lisapitirire masiku awiri. Ana oterewa anazolowera kukhoza chilichonse, ndiye tsiku limene kompyuta idzakane ntchito yawo amagwa mphwayi msanga. Bola akumane nazo inu muli pomwepo. Binary search yomweyo ailembe. Mudzapeza ena alakwitsa malire ndi 1 yekha, pulogalamu n'kumangozungulira osaima. Musawakonzere. Atenge mndandanda wa nambala ziwiri zokha, atsate mzere uliwonse ndi chala mpaka aone pamene patsekera.

Mukafika pa recursion (njira yothetsera ntchito poigawa kukhala ntchito yofanana nayo koma yocheperapo), apatseni Tower of Hanoi ya Édouard Lucas, ya mu 1883, masewera osamutsa mulu wa timbale kamodzikamodzi pa mitengo itatu, osaika kakakulu pamwamba pa kakang'ono. Timbale 3 timafuna kusuntha maulendo 7, timbale 10 maulendo 1,023. Akaiika pambali pa mafunso 20 aja, amamvetsa kuti pali ntchito zina zimene zimakula mofulumira moti ngakhale kompyuta yamphamvu singazithe.

Mphunzitsi_Watsopano:
Zikomo kwambiri nonse. Lolemba tiyamba ndi masewera a nambala. Nanga asanu aja ndiwamwaze m'magulu a anzawo? Ndikuopa kuti azingolanda kiyibodi.

Nachisale:
Amwazeni, koma kiyibodi igwidwe ndi wosadziwayo. Wodziwayo manja kumbuyo, azifotokoza ndi pakamwa basi.