Laputopu yabwerera kusitolo katatu, walanti yatsala miyezi iwiri: ndithandizeni nzeru

Moni nonse apagulu. Nkhaniyi ndi yaitali, koma chonde pirirani nane chifukwa ndasowa mtengo wogwira.

Ndine mayi wa ana awiri, ndimaphunzitsa kusekondale kuno ku Lilongwe ndipo ndikuchitanso maphunziro a digiri. M'mwezi wa Malichi chaka chatha ndinagula laputopu pasitolo ina m'tauni pamtengo wa K980,000. Ndalamazo ndinachita kukongola ku banki m'khonde, mpaka pano ndikubwezabe. Anandiuza kuti ndi yatsopano, inali m'katoni mwake, ndipo pa risiti analemba ndi bolopeni kuti walanti ndi ya miyezi 12.

Mu Meyi inayamba kuzima yokha ndili mkati molemba, nthawi zina sikirini imasanduka yabuluu kenako n'kuyambiranso. Ndinaibweza. Anaisunga milungu iwiri n'kuikamo Windows wina osandiuza, moti zolemba zanga zasukulu ndi malikisi a ana a Fomu 3 zonse zinapita. Ndinalira tsiku limenelo. Mu Ogasiti vuto lomwelo linabwerera, akuti ndi RAM (kachipangizo ka m'kati kosunga zinthu makina akamagwira ntchito), anasintha, inakhalako milungu itatu. Mu Novembala inakaniratu kuyaka, kagetsi ka pachaja kokha n'kamene kamaoneka. Ulendo umenewo inakhalako milungu isanu, ndikamaimba foni amangoti mmisiri wapita ku Blantyre.

Sabata ino yazimanso kawiri. Dzulo ndinapitako, mwini sitolo akuti vuto ndi magetsi a kunyumba kwanga, ndiisiye aione. Nditati ndikufuna ina kapena ndalama zanga, anangondilozera chikwangwani chapakhoma chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Mantha anga ndi oti akungondizengereza kuti Malichi akwane, walanti ithe.

Kodi ndiisiyenso kachinayi? Kodi ndili ndi ufulu wokana kuti aikonzenso? Alamu anga akuti ndingopita nayo kwa mnyamata wina wodziwa makompyuta kumsika, koma mtima wanga ukukayika.

Mmisiri wa makompyuta, Blantyre:
Mayi, pepani kwambiri. Choyamba, musalole munthu wina aliyense kuitsegula. Masitolo ambiri amamata kasitika pamwamba pa sikuluwu, kakangong'ambika anena kuti mwaiwononga nokha ndipo nkhani yathera pomwepo. Alamu anu akufunirani zabwino koma adikire kaye.

Za magetsizo musangozivomera. Tembenuzani chaja yanu muwerenge, machaja ambiri a laputopu amalembedwa 100-240V, pomwe magetsi athu kuno ndi a 230V. Magetsi akabwera ndi mphamvu yopitirira muyeso, kawirikawiri chimayamba kupsa ndi chaja. N'zotheka kuti afike mpaka mkati, makamaka nthawi ya ziphaliwali, koma afunseni kuti ngati ndi choncho, bwanji chaja ikugwirabe ntchito, nanga bwanji laputopu imazima ngakhale ili pa batire?

Ine chimene chikundikayikitsa ndi china. Makina atsopano kusinthidwa RAM, kenako kukaniratu kuyaka m'miyezi isanu ndi itatu yokha, si zachizolowezi. Pansi pa laputopuyo pali nambala yake yapadera yotchedwa serial number. Ilembeni patsamba la kampani imene inapanga makinawo, pamalo oonera walanti, muona tsiku limene walanti yake inayamba. Kenako tsegulani pulogalamu ya mu Windows yotchedwa Command Prompt mulembemo powercfg /batteryreport. Ituluka lipoti loonetsa mphamvu imene batire linapangidwa nayo ndi imene latsala nayo, ndipo makina ambiri amaonetsanso cycle count, kutanthauza maulendo amene batire latchajidwa n'kutha. Mutiuze zimene mupeze.

Mwini funso:
Zikomo achimwene. Imazimadi ngakhale ili pa batire, kusukulu komwe. Ndiyesa zimenezi madzulo ano ikalola kuyaka.

Mayi wa ku Zomba:
Asisi, musanapange china chilichonse koperani zinthu zanu zonse pa fulashi, zina mudzitumizire pa imelo. Komanso jambulani risitiyo ndi foni lero lomwe. Timapepala ta m'makina tija timafufutika tokha, langa linayera lonse ndisanathe n'chaka chomwe.

Bambo wa ku Area 25:
Tchulani dzina la sitoloyo tiidziwe, enafe tisakagwemo.

Mwini funso:
Bambo, ndikumvetsa, koma pakadali pano ndisatero. Ndikufuna nkhaniyi iyende m'njira yake kaye.

Membala wodziwa za ufulu wa ogula:
Mwachita bwino kusatchula dzina, mayi. Funso langa ndi ili: maulendo atatu munakasiya makinawo, anakupatsani pepala lililonse losonyeza tsiku lolandira, vuto lake ndi chimene anakonza? Ngati ayi, pamenepo ndi pamene pali mphamvu zawo, chifukwa mawa akhoza kunena kuti inabwera kamodzi kokha. Sonkhanitsani mauthenga a pa WhatsApp, masiku amene munaimba foni, ndipo ikazimanso muijambule kanema.

Chikwangwani chija chisakuopseni. Wogulitsa sangadzichotsere yekha udindo pa katundu wowonongeka pongomata pepala pakhoma. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe ambiri timangoti CFTC, lakhala likuchenjeza amalonda za zikwangwani zoterezi, ndipo limalandira madandaulo a ogula. Likulu lawo lili mu Lilongwe momwemo. Tilinso ndi lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2003, komanso lamulo latsopano la Competition and Fair Trading Act la 2024. A CAMA, bungwe loyankhulira ogula, nawonso amathandiza ndi uphungu.

Koma musathamangire kumeneko musanawalembere kalata eni sitolo. Ikhale yaifupi: tsiku logula, mtengo, serial number, masiku amene makina anali kwa iwo, ndi chimene mukufuna, kaya makina ena kaya ndalama. Apatseni masiku oti ayankhire, mwina 14. Pangani makope awiri, imodzi asaine ndi kudinda mubwerere nayo. Kalata yolembedwa mu Januwale ndi umboni woti munadandaula walanti isanathe, ndiye ngakhale azengereze mpaka Epulo simuluza kanthu pa mfundo imeneyo.

Mchimwene wa ku Johannesburg:
Kuno ku Joni lamulo lawo la Consumer Protection Act la 2008 limanena mosabisa: katundu akapezeka ndi vuto m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, wogula ndi amene amasankha kuti akonzedwe, asinthidwe kapena abwezeredwe ndalama. Akakonza koma vuto n'kubweranso pasanathe miyezi itatu, wogulitsa ayenera kusintha kapena kubweza ndalama. Lamuloli siligwira ntchito kumudzi, ndikungofuna muone kuti zimene mukupemphazo si zachilendo ayi. Kukonza katatu kwakwana.

Wochita malonda, Mzuzu:
Ndiyankhuleko ngati wogulitsa zinthu, ngakhale ena sakondwa nane. Ambirife timaoda katundu kunja, ndipo kubweza makina kwa amene tinawagula n'kovuta, ndalama zakunja nazonso zikusowa. Mwina bamboyo si wakuba, wangopanikizika. Mukapita ndi ukali adzauma mtima. Mupite ndi munthu wamkulu, mukhale pansi, mwina akhoza kukupatsani makina ena inu n'kuwonjezera pang'ono.

Mayi wa ku Zomba:
Achimwene, awonjezerenso chiyani munthu ali ndi ngongole ya banki m'khonde? Kukambirana mwaulemu ndikuvomereza, koma kalatayo apite nayo basi.

Mwini funso:
Ndabweranso abale, ndipo manja akunjenjemera. Ndalemba serial number ija patsamba la kampani. Likuonetsa kuti walanti ya makinawa inayamba zaka zitatu ine ndisanawagule, ndipo inatha kalekale. Lipoti la batire likuti cycle count ndi 640. Ndawerengetsa: pa miyezi khumi imene ndakhala nayo, milungu khumi inali kusitolo, ndiye kuti ndikanayenera kumatsiriza batire pafupifupi katatu tsiku lililonse, zomwe sindinachitepo. Anandigulitsa makina ogwiritsidwa kale ntchito pamtengo wa atsopano.

Mmisiri wa makompyuta, Blantyre:
N'zimene ndimaopa. Jambulani masamba onse awiriwo ndipo muwasindikize. Makina ogwiritsidwa kale ntchito si oipa, ambiri timagula omwewo, koma amayenera kukuuzani ndipo mtengo wake ndi wina. Tsopano musawasiyirenso laputopuyo popanda pepala losainidwa, chifukwa umboni wanu uli m'makinamo. Akhoza kungosintha batire nambala ija n'kusintha.

Membala wodziwa za ufulu wa ogula:
Apa nkhani yakula kuposa walanti. M'kalata muja onjezerani kuti munauzidwa kuti makinawo ndi atsopano. Onaninso ngati pa risiti kapena pa uthenga wina uliwonse analembapo mawu oti "new".

Mwini funso:
Pa risiti sanalembe, koma uthenga wa pa WhatsApp umene ananditumizira zithunzi ndisanagule ulipo, ndipo analemba kuti "brand new". Kalata ndalemba, mawa m'mawa ndikaisindikiza kusukulu. Ndipita ndi ahedi athu, avomera kundiperekeza tikaweruka. Laputopuyo ndiisiya kunyumba. Funso lomaliza: akakana kusaina kalatayo, ndipite ku CFTC tsiku lomwelo kapena ndidikire masiku 14 aja athe?