Firiji yaundana m'munsi ndipo madzi a pachitseko aleka kutuluka, ndiyambire pati?

NaBanda wa ku Mufakose:
Moni nonse. Ndili ndi firiji ya zitseko ziwiri, friza kumanzere, yomwe mwana wanga ananditumizira kuchokera ku Johannesburg. Ndi zija amati zimadzisungunula zokha, koma pansi pa friza pakumata ayezi wokhuthala moti drowa ya m'munsi yakanirira, sikukokeka. Khoma la kumbuyo m'katimo layera mbee, ndipo usiku fani ikumalira khwekhwekhwe. Mbali inayo yayamba kufunda, mkaka sukuchedwa kusasa. Madzi akumwa otungira pachitseko nawonso aleka: ukadina umangomva kulira, dontho ngakhale limodzi osatuluka. Madziwo amachokera mu thanki ya pabwalo yomwe timadzaza ndi a pa borehole. Ine ndimagulitsa mafreezit (timapaketi ta zakumwa zotsekemera zoundana) kwa ana a sukulu, ndiye ndi kutentha kwa Okutobala kuno ku Harare, friza ikaima nanenso ndaima. Mnyamata wina wabwera, wangoyang'ana n'kunena kuti gasi watha, ndimupatse US$40. Akunena zoona?

Bambo a Chisomo, Highfield:
Mayi, ndalamazo musapereke kaye. Firiji yomwe gasi wathamo sichita ayezi khoma lonse, imangoundana kangodya kamodzi, kwina konse kulibe ayezi. Yanuyo ikuzizira bwino lomwe, chikulephera n'kusungunula.

Kuseri kwa khoma loyeralo kuli mapaipi ozizira, ndipo pansi pake pali hita. Pakapita maola angapo hitayo imayaka kwa mphindi zochepa, ayezi n'kusungunuka, madzi n'kutsikira pa kabowo kulowa m'kachubu kopita mu thireyi ili pamwamba pa kompuresa, komwe amauma ndi kutentha. Ndiye taonani mmene magetsi athu akuyendera. Masana onse kulibe, ayezi amasungunuka yekha pang'onopang'ono, madzi n'kumadontha ndi tinyenyeswa ndi shuga wa mafreezit wotayika. Usiku magetsi akabwera, madzi otsala pakamwa pa kabowo aja amaundana n'kutseka. Hita ikadzayakanso madzi amasowa kolowera, amasefukira pansi pa friza, mawa ena pamwamba pake. Ayezi akakwera mpaka pa mapaipi, fani imamukhudza, ndilo phokoso mukumvalo. Mbali ya mkaka imadalira mphepo yomwe fani yomweyo imakankha kuchokera ku friza, ndiye njira ikatsekeka imafunda.

Zulani pulagi, katundu mukasungitse kwa aneba, zitseko zonse zikhale zotsekula usana ndi usiku wathunthu, matawulo pansi. Maola awiri sakwanira, ayezi wa kuseri amatsala. Kenako masulani khomalo, tengani sirinji yaikulu yopanda singano, muzipopera madzi ofunda pa kabowo mpaka mumve akugwera mu thireyi kumbuyo. Mpeni kapena sikuludiraiva musayerekeze. Mapaipiwo ndi a aluminiyamu, sachedwa kubooka, ndipo mafiriji ambiri atsopano ali ndi gasi wa R600a yemwe amayaka moto. Zalembedwa pa kapepala kumbuyo kwa firiji.

Khoma likayeranso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndiye kuti hita kapena sensa yake yafa. Pamenepo itanani munthu wa kachipangizo koyezera magetsi ayeze. Mukamapita ku msika wa Siyaso kukafuna ina, nyamulani yakaleyo, chifukwa zimasiyana kutalika.

Mayi a Tadala, Dzivarasekwa:
Achemwali, nanenso ndi wa mafreezit, ndiye ndikufunseni: mumawaika atazizira kale kapena mukangomanga? Mazana a timapaketi tofunda nthawi imodzi, kunja kwake kuli konyowa, chinyezi chonsecho chimakathera pa khoma lija. Ine ndimapukuta kaye, ndi kuwagoneka mbali ya firiji, kenako ku friza. Komanso ana akamagula limodzilimodzi musamatsekule friza nthawi iliyonse, tulutsani okwanira mu cooler box.

Yang'ananinso rabala ya chitseko. Panikizani pepala pachitseko n'kulikoka. Likatuluka mosavuta, pamenepo mphepo ikulowa. Anthu amati muyese ndi ndalama ya pepala, koma madola athu a m'maminibasi afewa ngati sanza, tengani pepala la m'kope la mwana. Yesani makamaka m'ngodya za m'munsi, komwe madzi a shuga amadonthera n'kumata rabala mpaka kung'ambika. Tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo. Mvula ikayamba mu Novembala mpweya umanyowa, kampata kakang'ono komweko kadzakusautsani kuposa pano.

Phiri wa mapaipi, Chitungwiza:
Za madzi sanayankhe aliyense. Pansi pa chitseko cha friza, pafupi ndi hinji, pali polumikizira kapaipi ka pulasitiki. Masulani pamenepo, ikani kapu, wina adine. Madzi akatuluka, ndiye kuti aundana m'kati mwa chitseko, ndipo adzamasuka okha tsiku lomwe muzimitse firiji lija. Kawirikawiri zimachitika munthu akatsitsa friza mpaka madigiri -24 pofuna kuti katundu aume magetsi asanapite. Bwezerani pa -18.

Akapanda kutuluka, vuto lili kumbuyo, ndipo ine ndikukayikira thanki yanuyo. Madzi otsika okha amapereka pafupifupi 1 bar (muyeso wa mphamvu ya madzi) pa mamita 10 aliwonse a kutalika. Thanki ya pa sitandi ya mamita 3 ndi 0.3 bar basi, pomwe mafiriji otere ambiri amafuna 1.4 bar kapena kuposa. Mphamvu ikachepa valavu sitseka bwino, imadonthezera m'kapaipi kopita kopangira ayezi mpaka kuundana. Fyuluta nayonso amati isinthidwe miyezi 6 iliyonse, ndipo ndi matope a pa borehole imatsekeka isanafike n'komwe.

NaBanda wa ku Mufakose:
Zikomo nonse. A Phiri, sitandi yathu ndi yofupika ndithu, ndipo friza ili pa -24. Ndiye ndigule pampu?

Phiri wa mapaipi, Chitungwiza:
Ngati m'nyumba monse madzi amatuluka mofooka, kapampu kakang'ono kothandizira kangakupindulireni, ku bafa komwe. Koma kugulira firiji yokha ayi, mayi. Pampu nayonso imadikira magetsi omwewo. Tsekani valavu ya kapaipiko, zimitsani chopangira ayezi pa mabatani a pachitseko kuti chisamaitane madzi, akumwa muziika m'mabotolo. Sungunulani kaye monga anenera Bambo a Chisomo, mudzatiuze ngati madzi a m'sirinji afika mu thireyi.