Dashibodi ya Spitfire yanga yang'aluka, ndikufuna kuika yathabwa

Mphwanga_wa_ku_Ntcheu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Leicester ndipo chaka chatha ndinagula Triumph Spitfire Mk IV ya 1972 kwa agogo ena amene anaisunga m'galaja zaka zambiri. Injini ndakonza, ikulira bwino. Chikundipweteka mtima ndi dashibodi. Ndi yapulasitiki yakuda ija, ndipo yang'aluka kuyambira pa bowo la sipidomita mpaka m'mphepete. Ndinamata ndi guluu kawiri, koma galimoto ikangogunda bampu mng'alu umatseguka.

Bambo anga anali kalipentala, ndipo tebulo la mlombwa limene anapala ndili mwana likadalipo kumudzi. Ndiye maganizo anga ndi akuti mwezi wa Ogasiti ndikapita kwathu ndikatenge thabwa la mlombwa, ndidzaseme ndekha dashibodi. Kodi alipo anayesapo? Thabwalo likhale lokhuthala bwanji? Nanga mawaya a kuseri kuja ndiwayambe bwanji kuti ndisasokoneze?

Kalipentala_wa_Ndirande:
Achimwene, mlombwa ndimaudziwa, ndaupala zaka zoposa 20, ndipo pa mitengo yathu ndi umodzi mwa yosapindika msanga. Komabe thabwa lathunthu musaike m'galimoto. Taganizani: mubowola mabowo awiri aakulu moyandikana, pakati pake patsala kamzere kopyapyala ngati chala. Thabwa limang'aluka motsatira mitsempha yake, ndiye kamzere kameneko ndi kamene kadzayambe kuthyoka. Onjezani kuti galimoto yanuyo ndi yotsegula denga, masana dzuwa, usiku chinyezi. Thabwa limapuma, limafufuma n'kuphwa.

Chimene mungachite ndi ichi. Gulani plywood yabwino ya birch kapena ya marine, ya 9 mm, pamwamba pake mumate veneer, kachikopa kopyapyala ka mtengo weniweni. Mu plywood mitsempha imapingasana, choncho siyenda. Dashibodi yakaleyo musataye, ndiyo patani yanu. Igonekeni pa plywood, jambulani bowo lililonse ndi pensulo yosongoka. Yambani kubowola plywood, kenako matani veneer, muipanikize usiku wonse, m'mawa mudule mabowo ndi mpeni wakuthwa kuchokera kumaso. Mukabowola veneer itamatidwa kale, m'mphepete mumanyotsoka.

Pa vanishi ndiye pamene ambiri amalakwitsa. Amapaka kumaso kokha poti ndiko kumaoneka. Pakani kuseri, m'mphepete monse, ndi m'kati mwa bowo lililonse. Chinyezi chimalowera kumeneko n'kutukula veneer. Kumaso pakani kasanu kapena kupitirira, mukupala ndi sandipepa wosalala pakati pake, ndipo musathamange.

Madala_a_Sipanala:
Mphwanga, a Kalipentala anena zoona, ngakhale a Triumph eni ake ankachita chomwecho. Mk IV inatuluka mu 1970 ndi dashibodi yapulasitiki, koma kuyambira 1973 anayamba kuika yamatabwa, ya plywood yomata veneer, ndipo Spitfire 1500 inapitiriza nayo mpaka pamene anasiya kupanga mu 1980. Imabwera zidutswa zitatu. Poti muli ku England komweko, ndipo Coventry kumene ankazipanga ndi pafupi nanu, yakale mukhoza kuipeza mosavuta n'kungoikonza. Onetsetsani kuti ndi ya chiwongolero cha kumanja, komanso werengani mabowo a maswitchi, chifukwa zaka zina anawonjezera zinthu zimene yanu ya 1972 ilibe.

Za mawaya: choyamba chotsani batire. Waya wa bulauni pa magalimoto ngati yanuyi, a mawaya a kampani ya Lucas, amakhala ndi moto nthawi zonse, kiyi mwazimitsa kapena ayi, ndipo akakhudza chitsulo mumva fungo la utsi musanaphethire. Jambulani zithunzi ndi foni musanazule chilichonse, ndipo waya aliyense mummangirire kapepala. Wakuda ndi wa earth, wobweza magetsi ku chitsulo cha galimoto. Thabwa silidutsa magetsi, choncho geji iliyonse iyenera kulandira waya wakuda pa kabawuti kake ka kuseri. Kulinso kabokosi kakang'ono ka voltage stabiliser kamene kamatsitsa magetsi kufika pa 10 volts kuti geji ya mafuta ndi ya kutentha ziwerenge zoona. Kakasowa earth, mageji awiriwo amakwera kuposa muyezo, mumaona ngati injini ikuwira pamene ili bwinobwino. Ine zinandichitikira pa galimoto ina, ndinatsuka ladiyeta yonse vuto lili pa kawaya kamodzi.

Chinanso, plywood ndi yokhuthala kuposa pulasitiki. Maswitchi ena sagwira pokhapokha mutasema pang'ono kuseri kwa bowo lake.

NaBanda_ku_Leeds:
Achimwene, ndingowonjezerapo za thabwa la kumudzilo. Kuyambira 2023 mlombwa ndi mbawa za ku Africa zili pa mndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zingathe kutha, kutanthauza kuti matabwa ocheka ndi veneer zimafuna chilolezo potuluka m'dziko ndi polowa kuno. Musangoliika m'sutikesi. Funsani kaye ku nthambi ya za nkhalango, kapena funani ogulitsa veneer konkuno amene ali ndi mapepala. Ku South Africa mlombwa amautcha kiaat, ku Zimbabwe ndi Zambia mukwa, dzina la sayansi ndi Pterocarpus angolensis. Pofufuza gwiritsani mayina amenewo.

Mphwanga_wa_ku_Ntcheu:
Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Za chilolezo sindinkazidziwa n'komwe, amayi. Thabwa lathunthu ndalisiya. Ndigula plywood ya 9 mm Loweruka, ndiyambe ndi chidutswa cha pakati chimene chili ndi mageji aang'ono awiri, ndione ngati dzanja langa litha. Veneer ndifunafuna ya mlombwa ndithu, chifukwa ndikufuna ndikamayendetsa ndiziona mtundu wa tebulo la bambo anga lija. Madala, ndikatsegula kuseri ndidzakutumizirani chithunzi cha mawaya. Pali wina wobiriwira amene akungolendewera, sindinapeze kumene amapita.