Funso: Kodi ndi nzeru kukwera ku Livingstonia kudzera msewu wa Gorodi mu Disembala ndili ndi banja m'galimoto?

Abale ndi alongo a pa gulu lino, ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mumaidziwa bwino misewu ya kumpoto. Pa tchuthi cha Khirisimasi ndikufuna kutenga banja langa kuchoka ku Lilongwe kupita ku Livingstonia. Tidzakhala anthu asanu: ine, mayi a kunyumba, ana athu awiri ndi apongozi anga aakazi, amene kwa zaka zambiri akhala akulakalaka kukaona malo amene Dr Robert Laws anakhazikitsapo mishoni mu 1894, pamodzi ndi Stone House, nyumba ya miyala imene ankakhalamo, ndi mathithi a Manchewe. Galimoto yathu ndi ya otomatiki, yotalikirako pansi, ndipo imakoka ndi matayala onse anayi.

Chimene chikundisowetsa tulo si kukwera ayi, koma kutsika. Chaka chatha tinapita ku Mangochi kudzera msewu wa Khwekhwelere, uja wochoka pa Masasa kutsikira ku Golomoti. Ndinatsika phazi lili pa buleki kuyambira pamwamba, poganiza kuti kumeneko ndiko kusamala. Tisanafike pansi, m'galimoto munayamba kumveka fungo la chinthu chopserera, ndipo buleki inayamba kulowa kwambiri isanagwire. Ndinapeza malo otakasuka n'kuima, manja akunjenjemera, ndipo tinakhala pamenepo mpaka fungo lija litatha. Mayi a kunyumba sanayankhule kanthu kufikira titafika pa Golomoti, ndipo kukhala chete kwawoko ndimakukumbukira mpaka lero.

Msewu umenewo ndi wa phula. Wa Gorodi, wochokera pa Chitimba, ndi wa dothi ndi miyala, wotalika makilomita pafupifupi 15, wokhala ndi makona akuthwa 20, ndipo mbali ina ndi phompho. Choncho ndikufunsa: kodi galimoto ya otomatiki imatsitsidwa bwanji pa mtsetse wautali chotere popanda kupsereza mabuleki? Mukakumana ndi galimoto ina pamalo opapatiza, amene ayenera kupatuka ndani? Ndipo kwa inu amene munadutsako nthawi ya dzinja, kodi munthu wanzeru angauyese msewu umenewu mu Disembala atanyamula ana ndi munthu wachikulire, kapena ndingousiya?

Yankho la makaniko wa ku Mzuzu:

Bambo, chimene chinakuchitikirani pa Khwekhwelere n'chodziwika bwino kwa ife okonza galimoto. Buleki imagwira ntchito posandutsa liwiro la galimoto kukhala kutentha. Mukaiponda osalekeza, mapadi ndi madisiki amatentha kufikira sagwiranso bwino, ndipo mafuta a mabuleki, makamaka akakhala akalekale oti analowa chinyezi, amayamba kuwira. Akawira mumapangika mpweya m'mapaipi, n'chifukwa chake phazi lanu linkalowa pansi galimoto osaima msanga.

Pa mtsetse, imene iyenera kugwira galimoto ndi injini. Musanayambe kutsika, chotsani giya pa D muike pa 2, ndipo pamene pali potsetsereka kwambiri muike pa L. Injini idzalira mokweza, koma zimenezo zisakuopseni, chifukwa ndiyo ntchito imene ikugwira. Buleki muziiponda mwamphamvu kwa kanthawi kochepa musanalowe pa kona, kenako n'kuisiya kuti ipume. Ngati galimoto yanu ili ndi 4L, giya yamphamvu yokokera matayala onse anayi pang'onopang'ono, pa Gorodi ndi pamene imafunikira, pokwera ndi potsika pomwe. Musayerekeze kuika pa nyutulo pofuna kupulumutsa mafuta. Ndaona ambiri akuchita zimenezi ndipo zimandiwawa mtima, chifukwa pamenepo kulemera konse kwa galimoto kumatsalira mabuleki okha. Mabuleki akatentha musawathire madzi, poti madisiki amapindika.

Musananyamuke ku Lilongwe, kaonetseni mapadi, matayala onse pamodzi ndi la sipeya, ndiponso madzi a mu redieta. Ngati papita zaka ziwiri mafuta a mabuleki osasinthidwa, asintheni.

Yankho la dalaivala wa lole:

Achimwene, mukuganizira za Gorodi yekha, koma musanafike pa Chitimba muyenera kutsika kaye mtsetse wa Chiweta, ndipo kwa ine pamenepo ndi pofunika maso kuposa. Ndi msewu wa M1, umene mumadutsa matanka a mafuta ochokera ku Dar es Salaam ndi malole a malasha. Galimoto zazikulu zimakwera pang'onopang'ono, ndipo pa kona zimatenga msewu wonse chifukwa cha kutalika kwake. Musapitirire lole pamene simukuona kutsogolo, ngakhale mutaitsatira kwa nthawi yaitali bwanji. Nthawi ya mvula miyala ndi dothi zimagumukira mu msewu, choncho kona iliyonse muziilowa ndi liwiro loti mungathe kuima mukapeza chinthu.

Pa funso la kupatukirana, mwambo wa m'mapiri ndi wakuti wotsika amapereka mpata kwa wokwera, chifukwa galimoto yokwera ikaima pa chitunda imavutika kunyamukanso. Komabe amene ali pafupi ndi malo otakasuka ndiye azipatuka, osalimbana. Pa makona a Gorodi muziliza hutala musanakhote, mawindo ali otsegula pang'ono kuti mumve ya mnzanu. Makona ena ndi othina moti galimoto yaitali imafunika kubwerera m'mbuyo kuti ikhote.

Yankho la mayi wa ku Rumphi:

Bambo, ine ndine wa kuno ndipo ndikuuzani mosabisa: mu Disembala, muli ndi ana ndi agogo m'galimoto, Gorodi musiyeni. Mvula ikagwa miyala ija imaterera, madzi amakumba migula pakati pa msewu, ndipo nkhungu ikatsika simuona m'mphepete. Madalaivala a matola amene amakwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku amadziwa mwala uliwonse, koma inu kudzakhala koyamba.

Pali njira ina yoyambira pa Njakwa, pafupi ndi boma la Rumphi, yodutsa m'chigwa cha Henga, imene mbali yake yaikulu inaikidwa phula m'zaka zapitazi. Nayo ili ndi zitunda ndi makona, choncho zonse zimene akuuzani amakaniko zidzagwirabe ntchito, koma agogo adzafika msana uli bwino. Nyanja mudzaionabe muli pamwamba, ndipo mathithi a Manchewe ali pafupi ndi mishoni. Thirani mafuta odzaza thanki ku Mzuzu, ndipo mukagone kumeneko kuti phirilo mudzalikwere m'mawa mutapuma. Anawo asadye kwambiri musananyamuke, chifukwa makona amawachititsa nseru. Pofuna kujambula zithunzi, imani pamalo oti galimoto yonse yatuluka mu msewu, osati pa kona.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse. Amakaniko, mwandimasulira chinthu chimene chandivutitsa chaka chonse, pakuti ndinkaganiza kuti kulira kwa injini pa giya yaing'ono ndiye kuiwononga, n'chifukwa chake sindinkachoka pa D. Galimoto ndiipititsa ku galaja sabata ino, ndipo ndisanapite kumpoto ndikayeserera kaye ndekha pa Khwekhwelere pomwepo, m'galimoto mulibe wina aliyense, kuti dzanja lizolowere.

Takambirana kunyumba ndipo tagwirizana kuti tidzagona ku Mzuzu n'kukwerera njira ya pa Njakwa. Gorodi ndidzamuyesa nthawi ya chilimwe ndili ndi munthu woudziwa msewuwo. Pobwerera tikufuna kukagona masiku awiri kunyanja ku Chitimba, zimene zikutanthauza kutsika Chiweta. Achimwene a lole, kodi ndi nthawi iti ya tsiku imene matanka amachepako pamenepo, kuti tidzatsike msewu uli wopepukirapo?