Kafukufuku wa apolisi ndi mabwalo a mafumu ku Ntcheu: ndiyambire pati?

Nachisale_Bawi: Akuluakulu, ndikufuna kufufuza mmene milandu imayendera pakati pa mafumu achingoni ndi apolisi kuno ku Ntcheu. Zambiri zomwe ndawerenga n'za Aaborijini a ku Australia, makamaka lipoti la 1991 lokhudza imfa za m'chitokosi ndi m'ndende. Njira yawoyo ingagwire kuno? Nanga chilolezo ndikatenge kwa yani?

Ngozo_Lizulu: Achemwali, musaitenge yonse. Kumeneko eni nthaka ndi ochepa, ndipo dongosolo la apolisi linabwera ndi omwe anawalanda malo. Kuno funso n'lakuti mlandu umathera pati, ndipo wasankha ndani. Mukangowerenga OB, buku lomwe apolisi amalembamo madandaulo ndi zochitika, mudzanamizika, chifukwa za malire a minda, ziweto zodya chimanga ndi zambiri za m'banja zimathera kwa nyakwawa ndi chindapusa cha nkhuku kapena mbuzi, osalembedwa paliponse. Sankhani mtundu umodzi, monga kuba ng'ombe, muulondole kuchoka kwa nyakwawa, gulupu, T/A, polisi mpaka kwa majisitireti. Pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique. Woganiziridwa akangowoloka n'kulowa ku Angonia, apolisi athu sangakamugwire okha, fayilo imangogona. Mlandu wotere musauwerengere pamodzi ndi milandu yomwe odandaula anachita kuisiya.

Mayi_Nkhoma: Za chilolezo: yambani ndi komiti yoona za kafukufuku ya kusukulu kwanu kapena ya NCST (bungwe la boma loona za sayansi ndi kafukufuku), kenako kalata kwa bwanamkubwa. Mafayilo a polisi sakakutsegulirani popanda kalata ya kulikulu la polisi ku Area 30, ku Lilongwe. Kumudzi tsikani mwadongosolo, T/A, gulupu, nyakwawa; mukadumpha mmodzi anthu adzangokuyang'anani. Koma mafunso musakafunsire pakhonde la mfumu, ndipo wa community policing asakuperekezeni. Ndani angadandaule za munthu yemwe wakhala pambali pake? Amayi acheze nanu paokha.

Para_Ntcheu: Kuwonjezera apo, lembani tsiku ndi ola lomwe munthu anamangidwa, ndi lomwe anakaonekera kukhothi. Gawo 42 la malamulo aakulu likuti pasadutse maola 48, koma akathera pa Loweruka kapena Lamulungu amadikira tsiku la khothi lotsatira. Belo ya kupolisi ndi yaulere, choncho musafunse kuti "munalipira belo?" Funsani kuti "panachoka chiyani pakhomo kuti atuluke?" Mukamva kuti wogwiririra mwana anangolipira mbuzi kubwalo, musangolemba: mlandu umenewo si wa mafumu, ndipo pulani yanu inene kale kuti mukanena ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza.