Link ya TV white space ya Nkopola–Malindi ikudumpha machanelo usiku

Wa ku Malindi: Akuluakulu, tithandizane. Link yathu ya intaneti yowoloka nyanja imadutsa pa machanelo a TV osagwiritsidwa ntchito (TV white space), ndipo ili pa chanelo 30, 542 mpaka 550 MHz. Masana ili bwinobwino, koma dzuwa likangolowa wailesi ya linkiyo ikuti chanelo chili ndi mwini, nkuthawira pa 31, kenako pa 33. Ikasamuka kulikonse, intaneti imaduka. Scan ya masana ikuonetsa kuti 30 mulibe kanthu.

Wa ku Namwera: Achimwene, scan munaipangira pati? Ngati munaima pansi ndi RF Explorer, kachipangizo koyezera mafunde, m'manja, simunamve zimene antena ikumva pamwamba. Kwerani, mulumikize pa chingwe cha antena yeniyeniyo, muike max hold kuti izisunga mphamvu yaikulu imene yamva, isiyeni maola 24, kuyambira 470 mpaka 694 MHz.

Wa ku Monkey Bay: Mwezi wa October uno ndikukayikira ducting. Mpweya wotentha wochokera kumtunda umakhala pamwamba pa mpweya wozizira wa panyanja, mafunde a UHF nkumayenda pakatipo ngati m'paipi. TV yakutali, ngakhale ya ku Mozambique, imafika madzulo mphepo ikaleka. Wailesiyo sikulakwa ayi, ikupatsa njira TV, mwini bandi, ndiyo ntchito yake. Pa analyser ngati RF Explorer, siginolo ya TV ya digito (DVB-T2) imaoneka ngati tebulo lafulati lodzaza pafupifupi 8 MHz yonse. Phokoso lachibadwa m'chanelo chotere lili cha pa -105 dBm, ndiye tebulo likakwera pamwamba pake usiku wokha, mwampeza.

Wa ku Malindi: Ndingokweza threshold, malire amene wailesi imayambira kumva TV, kuti isamamve?

Wa ku Monkey Bay: Chonde musatero. Mudzasokoneza ma dikoda a anthu, komanso malire amenewo ndi nkhani ya MACRA. Sankhani machanelo atatu amene akhala oyera usiku wonse, otalikirana, musiye chanelo chimodzi chopanda kanthu pakati pa inu ndi TV iliyonse. Enawo muwachotse pa mndandanda. Mutalikitsenso nthawi yodikira isanabwerere pa chanelo chakale, chifukwa kupita ndi kubwerako ndiko kukudula intaneti.

Wa ku Namwera: Antena zonse ziwiri muziimike vertical, madzi amabweza mafunde a horizontal mwamphamvu kwambiri. Ngati TV ikubwera kumbuyo kwa antena ya ku Malindi, itsitseni mamita awiri kapena atatu kuti phiri kapena nyumba itchinge, bola Nkopola azionekabe. Yang'ananinso GPS, ikasochera database yogawa machanelo imakupatsani machanelo a malo ena.

Wa ku Malindi: Zikomo akulu. Ndikwera mawa 4 koloko masana, zithunzi za scan nditumiza mkucha.