Zija ndinafunsa za mkulu wa Hagrid uja

Paja ndinafunsa kuti mkulu amene anasewera ngati Hagrid mu Harry Potter anaonekanso m'mafilimu ati. Mayankho abwera, zikomo nonse.

Dzina lake ndi Robbie Coltrane, wa ku Scotland, ndipo anamwalira mu Okutobala 2022. Anali Hagrid m'mafilimu onse 8, kuyambira 2001 mpaka 2011. Komatu ku Britain ankamudziwa kale chifukwa cha Cracker, sewero la pa TV lomwe linayamba mu 1993. Mmenemo ndi Fitz, katswiri wa maganizo a anthu amene amathandiza apolisi a ku Manchester kugwira zigawenga, pomwe iye mwini ndi chidakwa komanso wotchova juga. Anapata nalo mphoto ya BAFTA, yomwe ndi mphoto yaikulu ya mafilimu ndi TV ku Britain, zaka zitatu zotsatizana. Kwa ine, luso lake lenileni lili pamenepa, osati m'ndevu za Hagrid zija.

Yoseketsa ndi Nuns on the Run ya 1990: iye ndi wazisudzo mnzake Eric Idle akuba ndalama za zigawenga, n'kukabisala kwa masisitere atavala zachisisitere. Chimunthu chonse chija m'mkanjo wa sisitere! Ndaseka mpaka nthiti kuwawa.

Analinso m'mafilimu awiri a James Bond, GoldenEye ndi The World Is Not Enough, ngati Zukovsky.